Chikwama Changa Pamlongoti

Loweruka, 7 Juni

Ababa agula mbendera. Yatsopano, ikadali m'pulasitiki. Anaiika patebulo pambali pa buledi, n'kutenga makwerero kukakhoma chitsulo chozikapo mlongoti. Khoma lonse lilipo, koma iwo asankha pambali penipeni pa zenera la chipinda changa. Nditasuzumira pakatani ndinangokumana ndi nkhope yawo, misomali ili kukamwa.

"A Profesa, chikwama chija muchikhuthule. Lachinayi chikwera apa, msewu wonse uone."

Ndinaseka. Kuseka ndimatha, ndi phunziro lokhalo limene sindingalephere.

Nyumba ino sinapachikepo chikwama chikhalire. Ababa anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu n'kuyamba kuyala njerwa m'misewu, mawondo awo anathera komweko. Chaka chilichonse zotsatira za mayeso zikatuluka amazungulira m'tauni yathu ya Kampen monse khosi lili m'mwamba, kuona nyumba za ana okhoza: apa mbendera ndi chikwama, apo mbendera ndi chikwama. Chaka chino akuti n'kwathu.

Za masamu sakudziwa.

Lamlungu, 8 Juni

Ndilembe kamodzi kokha, mwina zingachoke pakhosi.

Tsiku la masamu chinthu chimene ndimangochitcha Chija chinandipeza ndisanatembenuze n'komwe pepala. Holo ya masewera, matebulo m'mizere, anthu onse aja kupuma mpweya wanga. Manja anachita dzanzi, mtima uli thi thi thi mpaka m'makutu, manambala akuyandama papepala. Ndinalemba dzina ndi theka la funso loyamba. Nthawi yololedwa kutuluka itakwana ndinapereka pepala ndikumwetulira ngati munthu amene wamaliza msanga, n'kukasanza kuseri kwa shedi ya njinga. Madzulo ababa atafunsa ndinati zinali zofewa ngati batala.

Chija chinayamba mu Novembala. Chikachoka chimasiya mkulu wake, Chimdima, chimene sichiopsa koma chimangondikhalira pachifuwa. Kusamba kumasanduka ntchito. Kuyankha uthenga kumasanduka phiri. Ndatopa, ndipo ndikuchita manyazi kutopa, poti ine ndasenza chiyani? Amene amagwada pamchenga tsiku lonse ndi ababa.

Lolemba, 9 Juni

Holide. Pabedi tsiku lonse. Mnzanga Merel akungotumiza mauthenga, akuti tikasambire, akuti kodi ndinasamuka. Sindinayankhe. Dzuwa la mwezi uno silidziwa kulowa.

Lachiwiri, 10 Juni

Sukulu yatumiza ndondomeko ya Lachinayi, ababa akhala akuiloweza ngati vesi. Olephera adzaimbiridwa foni ndi mphunzitsi wa kalasi yawo pakati pa 1 koloko ndi 2 koloko. Ukapanda kuimbiridwa, wakhoza, 4 koloko upite kusukulu kukatenga malikisi. Ndipo poti ndinakwanitsa zaka 18 mu Malichi, amaimbira ine, osati makolo.

"Ndiye kuti tikufuna foni yosalira," atero ababa. "Yako imeneyo siivuta, siilira chikhalire."

Apempha tchuthi cha masana a Lachinayi. Keke ya kirimu aitanitsa kale.

Mayi Tineke a tsidya la msewu anawaimitsa pachipata, ine ndikumvera m'mwamba muno. "A Harm, kwanuko kuli maliro kodi? Makatani otseka dzuwa likuswa mtengo." Ababa anati mwana akupumula mayeso. Mayi Tineke makatani awo sanatsekepo chibadwire, amakhala pazenera ndi khofi wawo ngati analembedwa ntchito yolondera msewu. Sindiwafuna m'pang'ono pomwe.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinatsika kuti ndiwauze. Mawu ndinawakonza pamasitepe: Ababa, masamu sindinalembe. Mawu atatu okha.

Ndinawapeza akusita mbendera. Munthu amene malaya ake sanasitepo! Aiyala patebulo, lilime lili panja, akuwongola makwinya mofiira, moyera, mobiriwira mwa buluu monse.

"Chaka chimene anzanga ankapachika zikwama," anatero osandiyang'ana, "ine ndinkakankha wilibala ya mchenga mumsewu wawo womwewo. Ndinkangoyang'ana pansi." Kenako anaseka. "Waima bwanji ngati wabwera kudzabwereka shuga? Ukufuna chiyani?"

Ndinati madzi.

Lachinayi, 12 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Itatsala pang'ono 1 koloko Chija chinandipeza. Ndinalowa m'chimbudzi ndi foni. Ndinkadziwa kuti ilira, ndinkamva kulirako m'mafupa isanalire. Ndinati ndiizime kamphindi kamodzi, ndipume kaye, ndiiyatsanso. Ababa anagogoda. "A Profesa, nthawi yakwana, bweretsani kuno chinthucho." Ndinatuluka, n'kuiika patebulo chafufumimba. Yozima.

Anakhala moyang'anana nayo, khofi akuzizira m'manja. Ankailankhula. "Iwe foni, ukhale chete, wamva? Ukangoti pii ndikakuponya mumtsinje wa IJssel." Ndinkati nditambasule dzanja, dzanja osamva. Galimoto ikadutsa panja ankadzidzimuka. Penapake anandigwira chala, dzanja lawo lili thukuta lokhalokha, n'kunena kuti, "Usaope, mwana wanga, yatsala pang'ono." Belu la pansanja litagunda kawiri anadikirabe pang'ono, kuopa kuti wotchi ya kusukulu ingakhale yochedwa. Kenako anakuwa. Sindinawamvepo akukuwa choncho.

Masitepe anakwera ngati alibe mawondo. Chikwama sindinachikhuthule, ndinalibe mphamvu, ndiye anangochigwedezera pabedi, mabuku mbwee, n'kuchimangirira kunsonga kwa mlongoti. Anatsegula makatani anga, kutsegula zenera, n'kuzika. Mbendera inatambasuka. Pansi mayi Tineke anali atafika kale akuwomba m'manja.

Titatsika, anandipsompsona katatu m'masaya. Anagwira ababa chanza: "Mafuno abwino chifukwa cha mwana wanu, a Harm!" Wa nyumba yoyandikana naye chimodzimodzi, wa positi chimodzimodzi, aliyense kuyamikira aliyense. Msewu wathu mwakwera mbendera zitatu. Imodzi ndi yabodza.

4 koloko ndinati ndikupita kusukulu. Ndinapalasa mpaka kumtsinje, kuseri kwa mlatho, n'kuyatsa foni. Mayi Brinkhuis, mphunzitsi wa kalasi yathu, anali ataimba kambirimbiri. Uthenga wawo: masamu ndalephera, maphunziro ena onse ali bwino. Ndingathe kulembanso Lachiwiri, koma ayenera kupereka dzina langa mawa 12 koloko isanakwane. Kupanda apo ndibwereza chaka chonse.

Ndinawerenga, n'kuizimanso.

Madzulo mipando inazungulira balaza. Keke, khofi, titchizi todula timabokosi. Anzawo a ababa a kuntchito anabwera ndi fumbi lawo. Amayi, amene amakhala ku Enschede, anaimba pafoni ya ababa, akulira ndi chimwemwe. Wina anafunsa malikisi, ndinati pepala ndaiwala m'loka ya kusukulu. Ababa anaimirira ndi botolo m'manja kuti alankhule, mawu anawathawa, anangoloza kudenga kumene kuli chikwama n'kukhala pansi. Keke ija ndinaidya yonse ya m'mbale mwanga. Sindikudziwa kuti inalowa bwanji.

Lachisanu, 13 Juni

Mphepo ndi mvula. Chikwama chakhala chikugogoda pazenera langa, gu, gu, ngati munthu wofuna kulowa.

Ababa atapita kuntchito ndinayatsa foni, diso limodzi lotseka. Merel: "Kusukulu sunabwere, koma mbendera ndaiona. Renske, chikuchitika n'chiyani?" Kenako mayi Brinkhuis: "Ndadutsa panyumba panu m'mawa uno. Mbendera ndaiona, sindinagogode. Nkhani yako ndi yako. Ndili pabenchi la kuseri kwa tchalitchi, kumapeto kwa msewu wanu. Ndikhala pano mpaka nthawi ithe."

Kuvala nsapato kokha kunanditengera m'mawa wonse. Ndinavala, kuvula, kukhala pamasitepe, kuvalanso. Ndinatulukira khomo la kuseri kuopa mlonda wa pazenera uja.

Mayi Brinkhuis ndinawapeza atafunda ambulera, jekete lawo lachikasu litanyowa mapewa. Anasendera kuti ndikhale.

"Ndimayesa mundikalipira."

"Ndakalipira kale njinga yanga njira yonse. Khala pansi."

Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinati Novembala. Kugona? Kudya? Ndinkayankha ndikuyang'ana nsapato zawo. Za Chija ndinawauza, za Chimdima ndinawauza, koyamba kutchula maina amenewa pakamwa, ndipo anamveka opusa, koma iwo sanaseke.

"Ndikufunsa mosapita m'mbali, Renske. Umaganiza zodzipha?"

Ndinati ayi, kufa ayi. Ndimangofuna kuzima ngati foni ija, anthu aziyesa ndilipo.

Sanagwe nkhope. "Zikomo pondiuza. Zimenezo zokha n'zokwanira kuti Lolemba uonane ndi dokotala wanu. Ndipo zikasintha n'kufika poipa, usadikire Lolemba, undiimbire kapena uuze munthu nthawi yomweyo. Tagwirizana?" Ndinagwedeza mutu. Ndinalira mpaka mamina, iwo n'kundipatsa kansalu kopukutira magalasi poti analibe china.

Za mayeso anati alankhula kale ndi akuluakulu. Osati holo ayi. Kachipinda ka pafupi ndi laibulale, ine ndi woyang'anira mmodzi, chitseko chotsegula. Anayang'ana wotchi ya patchalitchi, inenso ndinayang'ana. Nthawi inali itatsala pang'ono zedi.

"Ndikufuna liwu limodzi. Ndipereke dzina lako kapena ayi?"

"Nanga Chija chikabweranso?"

"Chibwere. Tichipatsa mpando chikhale podikira. Ine masamu ndinakhoza mwa chisomo chabe, pamenepo sindingakuthandize, koma pakhomo ndidzakhalapo."

Ndinati perekani. Anaimba pomwepo, ine ndikumva dzina langa likutchulidwa mumvula.

Atamaliza anati, "Nanga abambo ako?" Iwo sangandinenere, koma angathe kuima pambali panga. Ndinati ndinena ndekha madzulo.

Sindinanene. Ababa anabwera ndi maluwa ochokera kwa abwana awo.

Loweruka, 14 Juni

Zatuluka, ndipo zatulukira pazenera.

Ndinati ndiyambe kuwerenga. Buku la masamu lili pabedi, koma kakyuleta palibe. Ndinasanthula chipinda chonse, kenako ndinakumbukira: ili m'kathumba ka kutsogolo kwa chikwama. Ababa sanakatsegule. Kakyuleta yanga yakhala ikulendewera pamwamba pa msewu, ikuvumbwa, ikuuza anthu kuti ndakhoza.

Ndinkayesa ababa ali kumsika. Ndinatenga tsache, kutsegula zenera, n'kuyamba kukokera chikwama ndi mpini wake, theka la thupi lili panja.

"Iwe! Ukufuna kugwa? Ukutani kumeneko?"

Anali pansi penipeni, thumba la nsomba m'manja, akucheza ndi mayi Tineke. Onse awiri makosi m'mwamba.

Ndikanatha kunama. Bodza linalipo kale palilime, loti ndikufuna kiyi wa loka. Koma ndinali nditatopa, tsache likulemera, ndipo pakamwa panangotseguka pokha.

"Ndikufuna kakyuleta, Ababa. Masamu ndinalephera. Ndikalembanso Lachiwiri."

"Koma foni sinalire."

"Inali yozima."

Mayi Tineke anayang'ana pansi, koyamba m'moyo wawo. Ababa anayang'ana mbendera, kuyang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Sanakwere. Ndinamva chitseko cha kuseri, kenako cha shedi. Nsomba anazisiya pampando wa m'khonde.

Masana onse Chija chinali nane. Ndinakhala pansi kuseri kwa chitseko, mawondo pachibwano, kumvetsera. Kushedi kunkamveka nyundo, kenako kunangoti phee, ndipo kuti pheeko kunali koopsa kuposa nyundo. Ndinkaganiza kuti andiuza ndipite kwa amayi ku Enschede. Ndinafika mpaka poganiza zovala zimene ndinyamule.

Chakumadzulo ndinamva mawondo pamasitepe. Anagogoda, chinthu chimene sachita. Analowa, maso ali psuu, n'kukhala pansi pomwepo motsamira bedi.

"Unandisiya ndikulankhula ndi foni yozima ola lathunthu."

"Inde."

"Ndinaiopseza kuti ndikaiponya mumtsinje."

"Ndinamva."

Anatulutsa kaphokoso, sindinadziwe ngati n'kuseka kapena kulira, mwina zonse. Kenako anapsa mtima ndithu. Anzawo onse a kuntchito! Amayi ako! Keke! Anati manyazi amenewa awasenza bwanji Lolemba. Ndinangoti pepani, pepani, mpaka mpweya unandithera, ndipo Chija chinabwera iwo akuona. Anali asanachionepo. Anasiya kulankhula. "Renske? Renske, n'chiyani? Ndiitane ambulansi?" Ndinakana ndi mutu. Anandigwira mapazi, poti ndi amene anali pafupi, n'kuwagwira choncho mpaka chinadutsa.

Pamenepo ndinawauza zonse, kuyambira Novembala. Anamvetsera chibwano chili pachifuwa.

"Buledi wako ndinkamupeza m'bini," anatero. "Makatani ndinkawaona. Ndinkati ndi mayeso, ophunzira amatero. Njerwa ikatsika pang'ono pokha ndimaiona ndili patali, koma iwe m'nyumba mwanga momwe..." Kenako anafunsa kuti dokotalayo amatsegula nthawi yanji.

Ndinawapempha kuti mbendera aitsitse kukada, anthu atagona. Anadzuka n'kutsika.

Lamlungu, 15 Juni

Kukada sanaitsitse. Anadikira masana, nthawi imene anthu akuchokera kutchalitchi, msewu utadzaza zipewa ndi njinga. Zenera langa likanakwanira, koma iwo anatulutsa makwerero. Ndinabisala kuseri kwa katani, ndikuwatukwana chamumtima.

Bambo wina wa kumapeto kwa msewu anaima. "Mwatsitsa msanga bwanji, a Harm? Ena amaisiya sabata yonse."

"Chikwamachi chikadali ndi ntchito," anatero ababa ali pamwamba. "Mwana akalembanso masamu Lachiwiri. Amene anapupuluma ndine."

Sizoona kwenikweni, koma ananena mokweza, msewu wonse umve. Mbendera anaipinda bwinobwino motsata mizere ya simbi ija. Chitsulo anachisiya pakhoma.

Kakyuleta yafa, mkati muli madzi. Ndinamuyankha Merel, zonse, uthenga wautali ngati kalata ya kwa agogo. Posakhalitsa anali pakhomo ndi yake. "Chitsiru iwe, miyezi yonseyi ine ndimayesa wandida. Tenga, ine sindifuna kuionanso moyo wanga wonse." Anakhala mpaka madzulo kundifunsa mafunso a m'buku, mayankho ake iyenso osawadziwa.

Amayi ndawaimbira ndekha. Analiranso, kulira kwina. Akuti abwera Lachitatu.

Lolemba, 16 Juni

Kwa dokotala. Ababa anandiperekeza atavala buluku la kuntchito la zigamba m'mawondo, n'kutsala podikirira akutembenuza magazini ya zamaluwa. Dokotala akuti Chija ndi Chimdima zili ndi maina enieni, matenda a nkhawa ndi kuvutika maganizo, ndipo si ine ndekha. Kwa akatswiri kuli mzere wa miyezi, koma pachipatala pomwepo pali mayi wina wa uphungu amene ndionane naye Lachinayi. Sindinachire. Ndinatuluka nditatopa ngati ndachapa zovala za msewu wonse.

Pobwerera tinapeza kapoto ka supu ya nkhuku pakhomo, popanda dzina. Potoyo ndimaidziwa, imakhala pazenera la tsidya. Mayi Tineke sanabwere kudzafunsa kanthu. Ndikuwakwiyirabe pang'ono, koma supuyo ndamwa.

Masamu: mitu iwiri ndikuimva, wachitatu ndi chifunga.

Lachiwiri, 17 Juni

M'mawa. Chikwama chauma koma chikununkha mvula, ndipo lamba wina watuwa ndi dzuwa. Muli kakyuleta ya Merel, mapensulo, botolo la madzi, ndi buledi wa tchizi amene ababa adula mokhota.

Chija chadzuka ine ndisanadzuke. Pakadzutsa ndinaika supuni pansi n'kunena mokweza kuti, "Ababa, chabwera." Anasiya kutafuna. "Chabwino. Ndiye tipalasa nacho pang'onopang'ono, chisatope." Apempha tchuthi china, akuti andiperekeza mpaka pachipata, ndipo akhala pakhoma la shedi ya njinga mpaka nditatuluka, kaya nditatuluka msanga kaya mochedwa. A Profesa sananditchule. Anati Renske.

Mwina ndilephera. Manja akuzizira, cholembera chikuterera. Makatani ndatsegula theka, chitsulo chija chili pomwepo, chopanda kanthu. Pansi ababa akuliza belu la njinga.

Foni ikulira. Mayi Brinkhuis.

Dikirani kaye, Ababa, ndiyankhe.